Kuseri kwa Sitolo ya Jafali

Limbe, 6 Malichi 2024

Okondedwa Malume Ambokile,

Moni wochuluka kwa inu ndi onse a pakhomo. Muli bwanji ndi mvula ya kumeneko? Ndalemba kalata chifukwa foni inu munaikana kalekale. Tsiku lija ndinakuimbirani ndinafuula mpaka aneba onse anamva za m'banja mwathu, inu nokha ndiye simunamve kanthu. Kalatayi ibwera ndi kondakitala wa basi.

Malume, mlongo wanu sali bwino. Chiwagwereni sitiroko mu Disembala muja, dzanja lamanja linafa, mawu amatuluka koma mochedwa. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi pa chakudya. Amadya okha, chitseko chotseka, ati munthu asawaone akudya ndi lamanzere.

Masiku ano akungotchula Nasri. Inu mukumudziwa, ine ndimangomumva: mwana wawo woyamba, amene anamwalira asanayambe n'kuyenda komwe, mu 1978, nthawi imene malemu bambo anga a Jafali anali ndi sitolo ku Old Town, kwanu ku Karonga. Mwa chipembedzo chathu akazi sapita kumanda. Amuna anamunyamula, mayi n'kutsala m'nyumba, ndipo tsiku lomwelo agogo anawatengera kumudzi ku Wovwe chifukwa mayi nawonso anali kudwala. Bambo anangowauza kuti, "Ndamugoneka kuseri kwa sitolo, pamene pagona anzathu ena, pafupi ndi tsinde la bwemba kuti dzuwa la Karonga lisamuotche." Asanachire nyanja inakwera n'kulowa m'tauni, bambo anabwera ndi lole ku Wovwe konko, ulendo wa ku Mangochi. Ankawalonjeza chaka ndi chaka kuti adzapita nawo kumandako, mpaka anamwalira lonjezo lili pakamwa.

Tsopano mayi akunena chinthu chimodzi chokha: "Ndikaime pamene pagona mwana wanga ndisanafe."

M'bokosi lachitsulo la bambo ndapeza chithunzi, ndipo ndajambulitsa china chimene ndaika m'kalatamu. Kumbuyo kwake kuli chidindo cha "Golden Studio, Karonga". Mukuona msewu ukutsetserekera kunyanja, pakati pa mphambano pali chipilala. Kumanzere, nyumba yachitatu kuchokera pa chipilalacho, bambo aima pakhonde, kofiya kumutu, kapu ya tiyi m'manja. Zikwangwani zinayang'ana kumsewu, ndiye palibe chowerengeka. Chonde Malume, funsani akuluakulu a kumeneko. Masitolo enawo anali a yani? Malowa lero ndi pati? Tikapeza sitolo, tapeza bwemba.

Mayi sindinawauze, chithunzinso sindinawaonetse. Sindikufuna kuwanyamula mtima kenako n'kuwagwetsa.

Ngati mpunga wa chaka chatha udakalipo, tipatseniko kathumba. Wa kuno mayi akuti ndi mchenga.

Ndine mwana wanu,
Hawa

*

Karonga, 2 Epulo 2024

Mwana wanga Hawa,

Mwaghona! Kalata yako ndinalandira, ndaga fijo, zikomo kwambiri. Ife tili bwino, kupatula madzi amene analowa mpaka kukhitchini. Chichewa changa ndi cha m'kalasi, ukapezamo minga ya Chinkhonde uzingolavula.

Ndinawerenga za mlongo wanga Emma, ndinakhala pansi. Inu mumati Jamila, koma ine dzina limenelo lilime langa linalephera kuyambira tsiku la ukwati wake, ndipo iye anandilekerera. Nthawi ya maliro a Nasri ndinali kusekondale yogonera komweko, uthenga unandipeza mwana ataikidwa kale. Pa sitolopo ndinafikapo pa holide kangapo, alamu anga ankandipatsa masiwiti ndi sopo. Koma Old Town ya nthawi imeneyo kulibe, mwana wanga. Nyanja inadyako, chivomezi chinadzamaliza, zotsala anthu anagumula n'kutenga njerwa.

Chithunzi ndinapita nacho pamene timasewerera bawo. Mayo ine! Bawo anaiwalika. Madala amano awiriawiri kulimbirana chithunzi ngati ana pa mango. Wina akuti iyi ndi bekale ya a Mwangolera, buledi wake ankanunkhira mpaka kudoko. Wina akuti pafupi pakepo panali telala wa ku Mbeya amene ankasoka masuti a ukwati, mkono umodzi wautali. Chigayo anachizindikira ndi mapaipi ake, bala ya Tiyeni Tonse anaizindikira onse nthawi imodzi, ngakhale akulu a mpingo amene amati sanalowemo. Wina analoza kanyumba ka malata n'kuti, "Umu ndi mmene ndinagula wailesi yanga yoyamba," kenako misozi inangoti mbwembwembwe. Atate ako onse anawadziwa: "Uyu ndi Jafali Mchawa, wa nsalu ndi palafini."

Mmodzi yekha ndiye anasokoneza, mnzanga Manase, amene tinkaphunzitsa naye limodzi. Munthu ameneyu amatsutsa ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Akuti, "Bekale sinali mbali iyi." Tinamufunsa kuti nanga chithunzichi chinajambulidwa ku Mzuzu? Anthu anamuseka mpaka ananyamuka. Kunena zoona, nanenso mumtima ndinkaona ngati sitolo inali kumanja ukamapita kunyanja, koma mutu wa nkhalamba ungalimbane ndi chithunzi? Chithunzi sichinama.

Nkhani yabwino ndi iyi: chipilala chija chilipo. Chinaduka, chatsala chitsa cha simenti pakati pa mphambano, anyamata a kabaza amakhalirapo. Madzi akaphwera ndipita kukaima pamenepo, chithunzi m'manja, ndiwerenge nyumba zitatu kumanzere.

Mpunga ndapereka kwa kondakitala. Iwe unditumizire magalasi owerengera, awa ndili nawowa mwendo umodzi ndinamanga ndi ulusi.

Malume ako,
A. Mwakibinga

*

Limbe, 21 Meyi 2024

Malume,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino, popeza kondakitala akuti amakuonani pa bawo tsiku lililonse, muli gwa.

Magalasi ndinatumiza Ramadani isanathe. Idi inadutsa, mvula inatha, kwa inu kuli chete. Kalata yanga yachiwiri simunayankhe. Kondakitala akuti mutamuona munakhotera kuseri kwa depoti. Zoona zimenezi, Malume? Munthu wamkulu ngati inu kuthawa kondakitala?

Ndilankhula mosabisa, mundikhululukire. Ngati nkhani ndi yakuti manda ake ndi a Chisilamu ndipo inu ndinu mkulu wa mpingo, nenani. Ndikudziwa kuti ku Wovwe ena sanakondwe mayi atalowa Chisilamu. Koma Nasri ndi magazi anu, anafa asanadziwe kuti mzikiti ndi uti, tchalitchi ndi chiti. Ngati zakulemerani ndiuzeni, ndipemphe ena.

Mayi akuonda. Dzulo anandifunsa ngati ku Karonga mabasi amafikabe. Ndinati amafika. Anati, "Nanga ife tikudikira chiyani?" Ndinapita kukalirira kubafa.

Mpunga wanu ndi umene akudya. Akaununkhiza amatseka maso.

Hawa

*

Karonga, 3 Juni 2024

Hawa mwana wanga,

Moni. Kalata yako yandilasa, koma sindikukwiyira. Za tchalitchi ndi mzikiti uzichotse m'mutu. Emma ndi mlongo wanga, ine ndinayamwa bere limene anasiya iye.

Kondakitala ndinamuthawadi. Ndinalibe mawu oti ndimupatse.

Ndinapita pa chipilala paja madzi ataphwera. Ndinayang'ana kunyanja monga anaimira wojambula, ndinawerenga malo a nyumba zitatu kumanzere. Hawa, pali loji. Anaimanga nthawi ya mgodi wa Kayelekera, pamene aliyense ankamanga zipinda za alendo. Mpanda wa njerwa, ndipo kuseri konse, kumene kukanakhala bwemba, anathira konkire poimika magalimoto. Palibe mtengo, palibe udzu, palibe ngakhale nyerere.

Ndinapempha kulowa. Mlonda ataona chithunzi chakale m'manja mwanga anaitana mwini wake, iyeyo n'kuyamba kukalipa kuti ndabwera kudzalanda puloti. Masiku ano munthu ukangoyenda ndi pepala lakale ku Old Town, anthu amati wabwera ndi milandu ya malo. Ndinafotokoza za mwana. Anafewa, munthu wabwino ndithu, anandipatsa mpando. Akuti pamene ankagula panali thengo ndi zidutswa za njerwa, manda sanaonepo, bwemba sanadulepo. Koma manda anu alibe mwala, alibe mtanda, akanawaona bwanji?

Ndinaima pa konkirepo dzuwa likundiwotcha m'mapazi. Panali lole ya simenti itaima, mafuta akudontha. Ndinaganiza za mawu a alamu anga, akuti dzuwa lisamuotche. Ndinabwerera kunyumba osadya.

Ndiye ndikanalemba chiyani? Kuti bwera naye mlongo wanga adzaime pansi pa lole? Tsiku lililonse ndinkatenga cholembera n'kuchibwezera. Magalasi ako ndi abwino, vuto silinali maso.

Ganiza iwe, ndiwe uli naye pafupi. Kapena timuuze kuti malowo nyanja inatenga. Bodza limenelo Kyala, Mulungu wathu, angatikhululukire.

Malume ako,
Ambokile

*

Limbe, 17 Juni 2024

Okondedwa Malume,

Moni, ndipo pepani. Ndinakulankhulani mwachipongwe pamene inu munali kusenza katundu nokha. Manyazi andigwira.

Bodza la nyanja ndinalikonza bwinobwino, koma pakamwa linakana kutuluka. Lachisanu nditabwera kuntchito ndinakhala pamphasa pafupi ndi mayi, ndinatulutsa chithunzi chija, ndinawauza zonse: za inu, za chipilala, za loji, za konkire. Ndinkadikira kulira.

Sanalire. Anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anachikankha. Akuti, "Uyu si Jafali."

Mtima wanga unasweka, Malume. Ndinati basi, matenda afika kumutu, aiwala ndi mwamuna wawo yemwe. Ndinati, "Mayi, si bambo awa? Onani kofiya, onani ndevu." Anakwiya mpaka mawu anawatuluka bwino kuposa masiku onse. Anandiuza kuti nditenge pepala ndilembe zimene anene, zipite kwa inu. Nazi, sindinasinthe kanthu:

"Ambokile. Ndine Emma. Iwe unaphunzira, Hawa anaphunzira, koma nonse maso mulibe. Nkhope ndi ya Jafali, inde. Koma taona kapu. Ili dzanja liti? Ine ndinamuphikira munthu ameneyu tiyi kuyambira ndili mtsikana mpaka tsiku lomwe anatsamira osadzukanso. Sanamwepo ndi lamanzere. Ngakhale pamene anathyoka mkono pa njinga, ankadikira ine ndimumwetse. Ndiye aime pakhonde, pamaso pa tauni yonse, pamaso pa wojambula, kapu ili kumanzere? Mma! Chithunzi chanucho n'chabodza. Mwana wanga sali pansi pa lole. Pita ukayang'anenso."

Malume, ndinatenga chithunzi ndinayang'ana. Kapu ilidi kumanzere. Ndipo ine ndi amene ndinayenera kuona zimenezi poyamba, chifukwa ndinabadwa wamanzere. Bambo ankakhala nane pa mphasa, chikombe chili apo, ndikatambasula lamanzere iwo n'kuligwira mofatsa n'kuliika pamwendo panga, kunena "Bismillah, linalo." Anachita zimenezo osatopa mpaka ndinazolowera. Chithunzichi ndachiyang'ana miyezi yonseyi, koma ndinkangoona nkhope yawo, poti ndinawasowa.

Tanthauzo lake sindikulidziwa. Mwina anangowagwirira wina kapuyo. Mwina mayi akungokana chifukwa choonadi n'chowawa. Koma chiyambire tsiku limenelo akudya, ndipo akufunsa ngati mwayankha.

Ndine,
Hawa

*

Karonga, 1 Julayi 2024

Hawa! Emma!

Moni nonse, koma moni wautali ulekeni, nkhani ikundiyabwa.

Kalata yanu inandipeza ndikupita kukameta. Ndinaiwerengera pampando wa wometa, chithunzi chili pamwendo. Ndinachinyamula kuti ndione kapu imene mukunenayo, ndipo mwangozi maso anga anagwera pagalasi lalikulu lija la kutsogolo. Mwana wanga, tsitsi limene linatsala linaima. M'galasimo Jafali anali atagwira kapu ndi dzanja lamanja. Sitolo inali kumanja kwa msewu. Bekale, chigayo, telala, zonse zinabwerera m'malo mwake, ndipo ndinaona Old Town yeniyeni, imene ndinkatsikiramo pa holide ndi sutukesi pamutu. Ndinafuula mpaka wometa anandicheka khutu.

Ndinatuma uthenga ku bawo. Anabwera onse, kudzaza kachipinda ka wometa, makasitomala ali panja. Ukanawaona! Madala kuunjikana pagalasi, aliyense akuloza. "Eya, tsopano ndi pomwepo! Ukachoka pa bekale umawoloka kupita ku Tiyeni Tonse!" Amene ankamuseka Manase anayamba kunena kuti iwonso ankakayika. Manase sananene zambiri, anangoti ndimugulire tiyi mwezi wathunthu. Ndavomera, ndilibe pothawira.

Ndiye wina anakumbuka za malemu Golden wojambula uja. Ankatsukira zithunzi m'kachipinda kamdima kuseri kwa studio yake, ndipo ntchito ikachuluka nthawi zina filimu ankaiika chagada. Manase akuti pa chithunzi cha ukwati wake mphete ili dzanja lolakwika, apongozi ake anafunsa ngati unali ukwati weniweni. Anthu ankangoseka n'kulandira, poti nkhope zinali zawo. Ndani ankadziwa kuti tsiku lina tidzafuna msewu, osati nkhope?

Tinanyamuka gulu lonse, ine khutu likutuluka magazi. Pa chipilala tinawerenga nyumba zitatu kumanja. Kutsogolo kuli timashopu ta matabwa togulitsa mafoni ndi zovala za ku Kyela, n'chifukwa chake pamsewu suona kanthu. Tinadutsa pakampata. Kuseri kuli munda wa chinangwa. Pakati pa mundawo, Hawa, pali bwemba. Wamkulu, wakuda, nthambi zake zagwa mbali zonse.

Mwini munda ndi mayi wina dzina lake Violet, wa kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu. Atationa anatuluka ndi khasu, akuyesa tabwera za puloti. Ndisanamalize kufotokoza anatsitsa khasu. Anatitengera pansi pa mtengo. Mizere ya chinangwa imafika pafupi n'kukhota, kusiya malo ngati bwalo laling'ono, osalimidwa, osesedwa bwino. Akuti malemu amayi ake, amene ankagulitsa nthochi pafupi ndi sitolo, anamuuza ali mwana kuti, "Apa pagona alendo a ku Mangochi. Abale awo ali kutali. Usalimepo, uzisesapo." Mayina sakuwadziwa. Wakhala akusesa zaka zonsezi osadziwa akusesera yani.

Madala onse aja anavula zipewa.

Emma, mlongo wanga, unanena zoona. Bwera. Mthunzi ulipo, dzuwa silinamuotche.

Ambokile

*

Limbe, 19 Julayi 2024

Malume,

Moni. Alhamdulillah! Kalata yanu ndawawerengera mayi kambirimbiri, pepala layamba kung'ambika mopinda. Pofika pa Violet amandiuza ndibwereze.

Adokotala alola ulendo, bola azipuma. Ine kuntchito andikaniza tchuthi, ndiye abwera ndi mchimwene wanga Fahadi Loweruka la sabata yamawa. Iye adzabwerera msanga chifukwa cha shopu yake, mayi atsale kwa inu sabata ziwiri. Tikiti yobwerera ndagula kale, ili m'chikwama chawo, kondakitala wathu uja adzawasamala. Mankhwala a m'mawa ndi oyera, a madzulo ndi ofiira. Pa chakudya muziwasiya okha, musakhumudwe akatseka chitseko.

Ndawagulira Violet chitenje. N'chochepa, koma ndilibe china chimene chingakwane.

Mundisungire mayi anga, Malume. Chibadwire sindinagonepo nyumba imene iwo mulibe. Chipinda chawo ndachisesa kale, ndikuwerenga masiku.

Hawa

*

Karonga, 12 Ogasiti 2024

Mwana wanga Hawa,

Mwaghona. Tonse tili bwino, amayi ako ali bwino kuposa mmene anafikira. Fahadi wakuuza zina, koma iye ndi wa mawu ochepa, ndipo pali zimene zachitika iye atachoka. Khala pansi uwerenge.

Tinapita kumunda kuja m'mawa mwake atangofika. Amayi ako anakana kupuma. Tinamukweza pa kabaza mpaka pa chipilala, kuchokera apo anayenda yekha, Fahadi mbali iyi, ine mbali iyo. Pamsewu ankatchula yekha, osayang'ana chithunzi: apa bekale, apa telala, apa ndinkagula ulusi. Ankaloza mashopu a mafoni koma ankaona zina.

Fahadi anaitana shehe wa kuno kuti adzapemphere. Munthu waulemu. Titafika m'mphepete mwa munda, shehe ananena mofatsa kuti amayi angaime pamenepo, amuna tipitirire. Amayi ako anamuyang'ana. Anati, "A Shehe, kumanda ndinaletsedwa kale, ndinamvera. Uwu ndi munda wa chinangwa. Mkazi saletsedwa kulowa m'munda." Shehe anayang'ana chinangwa, anayang'ana ine, anapatuka.

Sanafunse kuti ndi pati. Anapita molunjika pa tsinde, mbali imene mthunzi umakhalitsa, anakhala pansi. Kenako anatenga dzanja lake lakufa lija, analinyamula ndi lamanzere ngati wanyamula khanda, analiika pa dothi. Anati mwana wake sangamupatse moni ndi lamanzere. Analankhula naye m'Chinkhonde, chimene ine ndinkayesa anaiwala, mawu a amayi athu pogoneka mwana. Ine ndinapita kukayang'ana chinangwa cha Violet, ngati kuti ndine mlangizi.

Chiyambire tsiku limenelo amapita m'mawa uliwonse. Violet amamudikira ndi matsache awiri. Amasesa, amakhala, amatola bwemba, amakambirana za anthu amene anafa kale. Dzana ndinawapeza akudya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija, mbale imodzi pansi pa mtengo, amayi ako akudya ndi lamanzere, poyera, akuseka. Ndinabwerera osawasokoneza.

Tsopano nayi nkhani imene ndakhala ndikuizungulira. Loweruka basi inabwera, ine ndinali nditamanga kale katundu wake. Anandiuza ndimasule. Ndinamukumbutsa za iwe, za adokotala, za chipinda chimene wasesa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Hawa ndinamulera, Fahadi ndinamulera, ali ndi nyumba zawo. Uyu ndinamusiya yekha ndi alendo asanamere mano. Sindimusiyanso." Wauza kale shehe ndi Violet kumene akufuna kudzagona tsiku lake likafika, ndipo Violet wati mzere umodzi wa chinangwa si kanthu.

Ndinayesa, mwana wanga. Koma munthu amene anatsutsa chithunzi n'kupambana, ine ndingamuthe?

Usaganize kuti sakukufuna. Madzulo aliwonse amafunsa ngati wadya, ngati kuntchito akukuvutitsabe. Akuti ukapeza tchuthi ubwere, adzakuonetse mchimwene wako Nasri. Akuti umutumizire mankhwala ofiira aja, juzi yake yobiriwira, ndi chithunzi chenichenicho cha atate ako. Galasi ndamugulira kale, lili pakhoma moyang'anana ndi bedi lake, kuti chithunzicho azichionera mmenemo.

Mu envelopumu mupeza bwemba zitatu za mumtengo uja, anatola yekha. Mulinso tikiti yake yobwerera. Akuti usaitaye, ufunse ngati angakusinthire kuti ikhale yobwera kuno.

Malume ako,
Ambokile